Opanga mapulogalamu otsanzira ubongo, kumbukirani ife a kuchigwa

Dzulo usiku ndinasiya laputopu ikuwerengera kagulu ka maselo a ubongo, kubwereza mobwereza ndi manambala osiyanasiyana, ine n'kukagona pakhonde, poti kuno ku Ngabu mwezi wa Okutobala m'nyumba simugoneka. Pakati pa usiku magetsi anathima. Batire yanga inatopa kalekale, ndiye m'mawa uno ndapeza ntchito ya maola asanu yapita yonse. Mtima ukundiwawa, n'chifukwa chake ndikulemba.

Ena mukufunsa kale kuti kodi mwana wa kuno akuchita chiyani ndi ubongo pakompyuta. Nkhani yake ndi iyi. Selo la ubongo limalankhula ndi linzake kudzera m'timphamvu ta magetsi. Mu 1952 Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, atayeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, analemba masamu osonyeza mmene timchere ta sodium timalowera m'selo ndi mmene ta potassium timatulukira kuti kamphamvu kaja kabadwe. Masamu amenewo ukawapatsa kompyuta, imatsanzira selo. Ukalumikiza maselo ambiri, umaona mmene amayambukizirana. Mapulogalamu a ntchitoyi alipo ndipo ndi aulere: NEURON ya Michael Hines ndi anzake ku Yale, NEST, komanso Brian, yomwe Romain Brette ndi Dan Goodman anatulutsa mu 2008. Ine ndimagwiritsa Brian chifukwa imalembedwa mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndipo masamu umawalemba pafupifupi mmene ungawalembere pabolodi.

Anthu amenewa ndimawathokoza ndi mtima wonse. Koma ndikamamva mmene tsogolo la mapulogalamuwa likukambidwira, maso onse ali pa ukulu. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumizirana magetsiwa pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo aliyense akufuna kuyandikira nambala imeneyo. Mu 2013 ku Japan, NEST inayendetsa maselo mabiliyoni 1.73 pa chikompyuta chotchedwa K, ndipo panatenga mphindi 40 kuti atsanzire sekondi imodzi yokha. Chaka chomwecho ku Ulaya kunayamba Human Brain Project, yomwe inatha mu 2023. Zambiri zomwe inasiya zimafuna kuti munthu akhale pa intaneti, n'kumagwira ntchito pa makompyuta a kutali. Kwa akatswiri amene ali ku Jülich ku Germany kapena ku Lausanne ku Switzerland zimenezo n'zabwino. Ine ndikamva choncho ndimayamba kuwerengera bandulo.

Chimene ndikupempha n'chakuti pokonza mapulani a zaka zikubwerazi, munthu wa laputopu yakale awerengedwe kuyambira pachiyambi, asamachite kukumbukiridwa zonse zitatha. Pulogalamu izisunga yokha pomwe yafika, mwina mphindi khumi zilizonse, kuti magetsi akabwera ipitirize pomwe inalekezera. Njira zosungira zilipo kale, mu Brian ndi mu NEURON momwe, koma uyenera kuzifufuza ndi kuziika wekha, ndipo wongoyamba kumene amazidziwa atapsa kale. Ine ndinazidziwa, koma dzulo ndinali ndisanaziike mu ntchito yatsopanoyi. Kwa munthu amene magetsi sam'thimira, imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Ife tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga ku Kapichira, pamwamba pathu pomwepa. Dziko linataya ma megawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala tikugawana mdima kopitirira chaka.

Komanso pulogalamu yonse, malangizo ake ndi zitsanzo zake zizikwana pa fulashi imodzi, kuti mnzanga wa ku Bangula kapena ku Makhanga ndim'patse pamanja, aike popanda netiweki.

Pali china chimene chimandipweteka kwambiri. Munthu umapeza ntchito ya katswiri wina ya zaka khumi zapitazo, umatha bandulo kuitsitsa, kenako ikukana kuyenda chifukwa pulogalamu inasintha. Zolembedwa mu Brian yoyamba siziyenda zokha mu Brian 2. Python 2 anasiya kuisamalira mu 2020, ndipo zambiri zakale zinatsalira komweko. Wophunzira wa ku yunivesite yaikulu amangogogoda pa ofesi yoyandikana nayo n'kuthandizidwa. Wa kuno agogoda pa chitseko cha ndani? N'chifukwa chake ndimaona kuti ntchito monga NeuroML ndi PyNN, zoti chitsanzo chimodzi chizimveka m'mapulogalamu angapo, zikuyenera ndalama zambiri kuposa zomwe zimathera pa kuthamangitsa liwiro. Opereka ndalama amakonda chatsopano. Wosamalira chakale kuti chisafe sam'tchula, chonsecho ndiye amene akutisungira khomo.

Mwina wina anena kuti kuchigwa kuno mavuto ndi madzi osefukira ndi njala, za ubongo zisiyireni azungu. Mchemwali wanga wamng'ono anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka zinayi. Anachira, koma chiyambire pamenepo amagwa khunyu. Mayi athu anamva zambiri m'mudzi, mpaka ena kuletsa ana awo kudya naye mbale imodzi, pomwe khunyu sapatsirana. Khunyu ndi maselo ambiri a ubongo kuthethetsa magetsi nthawi imodzi mosalamulirika, ndipo zimene ndinasiya zikuyenda dzulo zinali zimenezo: ndimachepetsa pang'onopang'ono mphamvu ya maselo oletsa anzawo, n'kuona pomwe gulu lonse likuyambira kugunda pamodzi. Sindikunena kuti laputopu yanga im'chiritsa. Mankhwala akuchipatala ndiwo akum'thandiza. Koma tsiku lomwe ndinaonetsa mayi mizere ija pa sikirini n'kuwauza kuti, "Amayi, zimene zimachitika m'mutu mwa mwana wanu n'zofanana ndi izi," anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndibwerezenso.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr Terrie Taylor linasonyeza mu 2015, pogwiritsa ntchito makina a MRI, kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo amenewa. Ana ndi athu, mafunso ndi athu, ndipo ophunzira a ku MUST, ku KUHeS ndi ku MUBAS masamu amawatha. Ku South Africa kuli sukulu ya milungu ingapo yotchedwa Imbizo yomwe yakhala ikuphunzitsa zimenezi kuyambira 2017. Amene amapitako akabwerera kwawo amafuna chida choyenda pa kompyuta yomwe ali nayo.

Madzulo ano ndiyambiranso. Ndabwereka batire ya sola kwa achimwene a pafupi nafe, ndipo ndalemba kale mizere yoti izisunga ntchito mphindi khumi zilizonse. Wina wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amene akufuna Brian pa fulashi, andipeze Loweruka.