Mwasintha masensa a mpweya, nanga matayala munawabalansa?

Ana inu oyendetsa galimoto, khalani pansi mumve. Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anadzandinyamula pa galimoto yake yochokera ku UK. Titalowa mumsewu wa M1, liwiro litangofika pa 90, chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, manja ake n'kumagwedezeka mpaka m'zigongono. Nditamufunsa anangoti, "Amalume, ndi msewuwu." Sunali msewu ayi. Masiku atatu m'mbuyomo anali atasinthitsa masensa a mpweya, tizipangizo toyeza mpweya wa m'tayala, m'matayala akutsogolo, koma zobalansa, kapena kuti kulinganiza kulemera kwa tayala mbali zonse pa makina, anakana, ati n'kungotaya ndalama. Mtima unandipweteka, chifukwa kumbuyo kunakhala mkazi wake ali ndi khanda pamiyendo.

Kasensa kameneka kamakhala m'kati mwa tayala, kolumikizidwa ku valavu, ndipo batire lake ndi lomatiriramo. Likatha, pakapita zaka 5 mpaka 10, mumasintha kasensa konse. Ku America galimoto zatsopano zinayamba kukakamizidwa kukhala ndi chipangizo chochenjeza za mpweya mu 2007, ku Ulaya mu 2014, ndiye zina zimene timaitanitsa kumeneko zimafika kuno mabatirewo ali wefuwefu.

Mumati kanthu kakang'ono kotero kangavute bwanji? Kamalemera magalamu pafupifupi 30 kapena 40. Pitani mukaone tizitsulo timene amamata pa rimu pobalansa: timayambira pa magalamu 5 okha. Ngati magalamu 5 amawerengedwa, kuli bwanji kasensa kamtundu wina kolemera mosiyana ndi kakale? Komanso kuti mmisiri akafike m'katimo ayenera kukankha mlomo wa tayala kuchoka pa rimu, ndipo tayala likangosuntha pang'ono mozungulira, mbali yake yolemera yasamuka, tizitsulo takale tatsala pamalo olakwika.

Sindikunamizani, ilipo nthawi imene kubalansa sikufunika: mmisiri wakankha mbali imodzi yokha, tayala silinazungulire, kasensa katsopano n'kofanana ndi kakale. Koma ndani mwa inu amaima pompo n'kulemba choko pa tayala moyang'anizana ndi valavu kuti atsimikize? Mumasiya makiyi, n'kukakhala pamthunzi maso ali pa foni. Tayala likachotsedwa lonse pa rimu, palibenso zokambirana, lipite pa makina.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi china. Tayala laphulika, mwapita nalo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu osawauza kuti muli sensa. Iwo ndi nyundo ndi chitsulo chotomulira, phwa! kasensa kathyoka. Sindikuwanena anyamatawo, wolakwa ndinu amene munatseka pakamwa. Kenaka mwaikamo valavu wamba ya labala, nyali yachikasu yayaka pa dashibodi, inu mwaimata tepi yakuda. Ndaziona ndi maso angawa. Nyali imeneyo ikaphethira kwa mphindi imodzi kenaka n'kuyakiratu, ikukuuzani kuti chipangizocho chafa, ndipo tsiku limene msomali udzalowe simudzamva chenjezo lililonse. Ikangoyaka osaphethira, mpweya wachepa, imani muyeze. Mlingo wake walembedwa pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati kumenya tayala ndi phazi.

Kunjenjemera kuja sikuthera m'manja mokha. Tayala limadyeka zigambazigamba, ma shock amatopa msanga, ma bearing nawo amayamba kulira. Ndalama imene mwakakamira lero mudzaitulutsa kangapo pogula tayala lina.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamubweza tsiku lomwelo. Tinaima pambali pa makina mpaka manambala a mbali zonse ziwiri atasonyeza 0, ndipo ndinamuuza mmisiri kuti atsimikize kuti kompyuta ya galimoto yawazindikira masensa atsopanowo tisanachoke. Pobwerera khanda lija linagona tulo mpaka kunyumba.