Mphekesera sizitha ndi chikalata choti "musakhulupirire"

Kukabuka mphekesera, akuluakulu amathamangira kutulutsa chikalata: nkhaniyi ndi yabodza, anthu asade nkhawa. Kwa ine, mwa njira zonse zomwe zilipo, imeneyi ndiye yofooketsetsa. Amene anafotokoza bwino chifukwa chake ndi katswiri wa ku Japan wa za chikhalidwe cha anthu, Shimizu Ikutarō, m'buku lake la mu 1937 lotchedwa Ryūgen higo.

Bukuli analilemba pambuyo pa chipwirikiti cha pa 26 Febuluwale 1936, pomwe asilikali oposa 1,400 analanda pakati pa mzinda wa Tokyo n'kupha nduna ya zachuma Takahashi Korekiyo ndi akuluakulu ena. Boma linaletsa nyuzipepala kulemba, nayo wailesi sinanene kanthu mpaka madzulo. Anthu ankaona okha misewu itatsekedwa ndi asilikali, koma wowauza chifukwa panalibe. Shimizu anaona kuti m'nthawi ngati imeneyo munthu sakhala ndi mutu wopanda kanthu. Amatenga tizidutswa tomwe waona, pomwe pali mpata n'kuikapo zake, kuti nkhani ikhale yathunthu.

Mfundo yake yomwe ambiri safuna kuimva ndi iyi: wowerenga wamba sangasiyanitse nkhani ya m'nyuzipepala ndi mphekesera poyang'ana zomwe zanenedwazo, chifukwa zonse ziwiri sanazione ndi maso. Kusiyana kuli pa mwini wake. Nkhani ili ndi woitulutsa wodziwika, woti itapezeka yabodza tim'funse. Mphekesera imayenda ndi "akuti". Ndiye ngati anthu anasiya kale kukhulupirira wolemba chikalata chotsutsa chija, kwa iwo chikalatacho ndi "akuti" winanso basi.

Chitsanzo chomwe chimaphunzitsidwa kwambiri ku Japan ndi cha banki yaing'ono ya Toyokawa Shinkin m'chigawo cha Aichi, chifukwa apolisi anatsata mphekeserayo mpaka pomwe inayambira. Pa 8 Disembala 1973 atsikana a kusekondale ali m'sitima ankaseka mnzawo yemwe anali atapeza ntchito kubankiko, kuti kubanki n'koopsa. Iwo ankanena za akuba. Mtsikanayo anakafunsa wachibale ngati kubanki kulidi koopsa, ndipo funsolo litadutsa m'makamwa angapo, kuphatikizapo ku saluni, linasanduka "banki ya Toyokawa ikugwa". Taonani pomwe panapindika: funso linasanduka chiganizo, kenako liwu loti "koopsa" linasintha tanthauzo.

Mawu okha sanatulutse ndalama. Pa 13 Disembala munthu wina anabwereka foni pa sitolo yochapa zovala n'kuuza a kunyumba kwake kuti akatape ma yen (ndalama za ku Japan) 1.2 miliyoni kubankiko. Zinali za bizinesi yake, osati mantha. Koma eni sitolo anali atamva kale mphekesera, ndipo m'deralo anthu ankakumbukira bungwe lina losunga ndalama lomwe linagwa zaka zingapo m'mbuyomo. Anathamanga kukatapa zawo, n'kuchenjeza makasitomala awo, ndipo uthenga unafika mpaka pa mawailesi a anthu ocheza pa mphepo. Mzere utangooneka pakhomo pa banki, mzerewo ndiwo unakhala umboni. M'masiku ochepa ma yen pafupifupi 2 biliyoni anali atatapidwa. Tisaiwalenso kuti mwezi wa Novembala chaka chomwecho anthu anali atalimbirana mapepala a kuchimbudzi m'masitolo chifukwa cha vuto la mafuta, choncho mitima inali kale m'mwamba.

Zomwe banki inafotokoza zinkamvekanso mokhota, mpaka kunabuka bodza loti mkulu wa bankiyo wadzipha. Chinathandiza n'chakuti Bank of Japan, banki yaikulu ya dzikolo, inatumiza ndalama zenizeni, zinaunjikidwa pomwe makasitomala angazione, ndipo aliyense wofuna zake ankapatsidwa. Apolisi nawo anaulula mmene nkhaniyo inayendera, kuchokera m'sitima muja. Apa ndi pomwe ndimati ofesi iliyonse iphunzirepo: tulutsani chinthu chooneka ndi maso, nenani msanga zomwe mwadziwa ngakhale zili zochepa, tchulani ola lomwe mudzalankhulenso ndipo mulisunge, kenako onetsani komwe bodzalo linachokera. Kungokana kumabwereza bodzalo kwa amene anali asanalimve, ndipo mpata uja umakhalabe wosatsekedwa.

Shimizu anapitirira apo. Anati mphekesera ndi maganizo a anthu obisika: zomwe munthu akuopa kunena kuti "ndikufuna zakuti", amazinena ngati "akuti zachitika zakuti". Choncho boma lotseka pakamwa anthu likudzibzalira lokha mphekesera. Ndikugwirizana naye, koma mfundoyi isatikomere mopitirira. Maganizo obisikawo nthawi zina amakhala chidani. Chivomezi cha pa 1 Sepitembala 1923 chitagwetsa Tokyo ndi Yokohama, maofesi ambiri a nyuzipepala atapsa, kunamveka kuti anthu a ku Korea akuthira poizoni m'zitsime ndi kuyatsa nyumba. Magulu a anthu odzitcha achitetezo anapha anthu a ku Korea zikwizikwi. Choipitsitsa, nthambi ya apolisi ya unduna wa za m'dziko inatumiza uthenga m'zigawo wonena zomwezo za kuyatsa moto. Bodza linapeza mwini wake wa chidindo. Amene mukukumbukira za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 mukudziwa kuti "akuti" amatha kupha munthu.

Ena amati intaneti yasintha zonse, mabuku a 1937 ndi akale. Koma kwa ine chasintha ndi liwiro ndi chithunzi basi. Chivomezi cha ku Kumamoto chitachitika pa 14 Epulo 2016, munthu wina analemba pa Twitter kuti mkango wathawa kumalo osungira nyama, n'kuikapo chithunzi cha mkango uli mumsewu. Chithunzicho chinajambulidwa ku Johannesburg. Ogwira ntchito kumalo a nyamawo analandira mafoni oposa 100 pa nthawi yomwe anali ndi ntchito ya ngozi, ndipo wolembayo anamangidwa mu Julaye chaka chomwecho chifukwa chosokoneza ntchito yawo.