Inu a Makamera m'Matchalitchi a ku Joni, Tamverani Khirisimasi Isanafike

Ana anga amene mumakhala kumbuyo kwa tchalitchi ndi mafoni ndi laputopu, nkhaniyi ndi yanu. Ndikudziwa kuti m'mipingo ya Amalawi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville mpaka ku Diepsloot mwayamba kale kusonkhanitsa timavidiyo toti mudzaonetse pa chipupa tsiku la Khirisimasi ndi usiku wa pa 31 polowa chaka chatsopano. Ntchitoyo ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma mmene ena a inu mukuigwirira, mutiputira mavuto tonse.

Ndiyambe ndi nkhope za anthu, chifukwa apa ndi pamene pali kundiwawa. Mumayendayenda ndi foni mapemphero ali mkati, kujambula mayi akulira pa guwa, bambo akupereka umboni wa mmene anapezera ntchito, ana a Sande sukulu akuimba. Mukatero mumalumikiza zonsezo, kuikamo nyimbo, kuonetsa mu tchalitchi, ndipo dzuwa lisanalowe zili pa Facebook ndi TikTok, dzina la mpingo ndi adiresi ya holo zili pansi pake. Munapempha kwa ndani? Kuno si ku Ntcheu kapena ku Mzimba kumene aliyense ali pakwawo. Kuno ndi kwa eni. Pa benchi limodzi pakhala munthu amene pemiti yake ili bwinobwino, pambali pake wina amene masiku a m'pasipoti anatha kalekale, amene akaona galimoto ya polisi mtima umagunda poganiza za ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo. Palinso mlongo wanu amene anathawa mwamuna womumenya nadzabisala mbali ino ya tauni, inu nkumuonetsa dziko lonse kuti Lamulungu lililonse amapezeka pakutipakuti nthawi yakutiyakuti. Nzeru zimenezo?

Ambiri a inu munali makanda mu Meyi 2008 pamene ziwawa zodana ndi alendo zinayamba ku Alexandra ndi kufalikira dziko lonse, anthu opitirira 60 nkuphedwa. Ife amene tinalipo sitinaiwale. Zaka zaposachedwapa mwaonanso nokha magulu ngati Operation Dudula akufunsa anthu mapepala m'misewu ndi pazipata za makiliniki. M'nyengo yotere, munthu wolongosoka saika nkhope za abale ake pa intaneti chifukwa chongofuna kuti anzake amuyamikire kuti amatha kujambula.

Ndipo musaganize kuti ndi kudandaula kwa nkhalamba chabe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za munthu lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo pa nkhani ya ana ndi lolimba: kholo kapena womulera ayenera kuvomereza. Kuti mwanayo anamwetulira pa kamera si chilolezo ayi. Safunsa anadya phula. Mlembi wa mpingo alengeze sabata imodzi zisanachitike kuti kudzakhala kujambula, osafuna akhale mbali yawo, ndipo inu mbali imeneyo musalozeko foni. Khamu lijambuleni chakumbuyo. Manambala a galimoto zoima panja asaoneke. Vidiyo yoonetsa mu tchalitchi ikhoza kuthera mu tchalitchi momwemo, palibe lamulo la Mulungu loti ikafike pa Facebook.

Tsopano za m'kati mwa vidiyomo. Mumatenga zokonzakonza kale za pa CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo ija, ndiye pa chipupa cha tchalitchi pakugwa chipale chofewa, nkhalamba ya ndevu zoyera itavala zofiira ikudutsa pa ngolo. Kunja kuno dzuwa likuswa mtengo, masana mabingu ndi matalala monga imachitira Johannesburg mu Disembala, inu mukutionetsa nyengo ya ku Ulaya. Zikugwirizana bwanji ndi Betelehemu? Tsegulani Baibulo musanatsegule foni. Abusa a nkhosa ndi chodyeramo ziweto zili mu Luka 2. Anzeru a kum'mawa ali mu Mateyu 2, anapeza mwanayo m'nyumba, ndipo Mateyu sanena kuti anali atatu. Zitatu ndi mphatso, golide, lubani ndi mure. Vesi lolemba pa chipupa likopeni kuchokera m'buku, osati pamtima, chifukwa agogo amene akhala kutsogolo aja amaliwerenga ndipo cholakwika amachiona msanga kuposa inu. Nyimbo nazonso, lekani kuba za eni pa YouTube. Facebook imazizindikira nkuzimitsa mawu, vidiyo yanu nkusanduka bubu. Kwaya muli nayo, amayi a chigwirizano muli nawo, ajambuleni iwo akavomera.

Zinazi ndingodutsamo, ndi za ulesi basi. Foni igwireni chopingasa, popeza pulojekita ndi yotambalala ndipo vidiyo yoimirira imasiya mdima mbali zonse ziwiri. Musatumizirane pa WhatsApp ngati vidiyo wamba chifukwa imafika itafooka, ikani pa fulashi. Yesani zonse Loweruka, sipika ndi mawaya omwe, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto, magetsi a kuno mukuwadziwa. Mphindi zitatu zakwana. Ambiri timachita lendi holo pa maola, mpingo wina uli pakhomo kudikira nthawi yake, ndiye abusa afupikitse ulaliki chifukwa mnyamata akusakasaka fayilo mpingo wonse uli chete kumuyang'ana?

Nanunso akulu a mpingo ndi abusa, simupulumuka pa nkhaniyi. Mwawasiyira anawa chilichonse ati chifukwa inu za mafoni simuzidziwa. Kuonera vidiyo ya mphindi zitatu sikufuna sukulu. Mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi aionere yonse isanafike pa chipupa, ndipo tsamba la mpingo lisakhale m'manja mwa mwana mmodzi yekha amene mawa akhoza kusamukira ku Cape Town ndi pasiwedi yake. Munthu akabwera kudzati nkhope yanga ichotseni, ichotsedwe tsiku lomwelo popanda kumufunsa zifukwa, ngakhale kuti ikakhala italowa kale m'magulu a WhatsApp a kumudzi, kuchotsa kwanuko sikungaibwezenso.