Inu omwa mankhwala a chithokomiro, lekani kudziwonjezera mapiritsi

Ana anga a kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera, Monkey Bay ndi Makanjira, khalidwe ili landifika pakhosi. Adokotala akuuzani kuti chithokomiro chanu chafooka, akulemberani levothyroxine wa 50 micrograms, piritsi limodzi patsiku. Pakutha masabata awiri thupi likadali lolemera, mukuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, chimbudzi chouma. Basi mwayamba kumeza awiriawiri. Ena mukugawana Eltroxin, levothyroxine yemweyo wa dzina lina, amene mwana wa mnzanu adatumiza kuchokera ku Johannesburg, osaona n'komwe nambala ya papaketi. Mwayesa Panado kodi?

Mankhwala amenewa sachita phuma. Pamafunika masabata 6 mpaka 8 kuti mlingo ukhazikike m'magazi, ndipo ndi pomwe adokotala amayeza TSH, chizindikiro cha m'magazi chosonyeza ngati mlingowo ukukwanira, n'kuwonjezera pang'ono, kawirikawiri 25 micrograms. Akachuluka m'thupi mtima umathamanga n'kumadumphadumpha, manja kunjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera, mafupa n'kumafumbwa inu osadziwa. Kwa ife okalamba ndi a vuto la mtima, kumeneko n'kuputa maliro dala.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti ambiri a inu mlingo ulibe mlandu, wolakwa ndi kamwedwe. Piritsi mukulitsitsira ndi tiyi wamkaka, mandasi ali kudzanja linali. Ena ndi phala la soya. Ayi! Limafuna m'mimba mopanda kanthu, madzi okha, kenako mudikire mphindi 30 kapena ola lathunthu musanadye. Mapiritsi owonjezera magazi aja a kusikelo, a calcium, ndi otafuna aja a kutentha pamtima amatsekereza mankhwalawa m'matumbo, choncho muziwatalikitsa ndi maola 4. Abale athu osala mwezi wa Ramadan, kafunseni nthawi yoyenera kumwera, osati kungowaika padera mwezi wonse. Nako kabotolo mumakasiya pawindo m'nyumba yamalata, chonsecho kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa bwino. Kumawasukulutsa.

Komanso si kutopa kulikonse komwe gwero lake n'chithokomiro. Kuno kunyanja likodzo ndi malungo zimatha magazi, shuga nayenso amafoola. Kayezetseni zimenezo. Amene muli pa mankhwala a TB muwauze adokotala, pakuti rifampicin amachotsa msanga levothyroxine m'thupi.

Inu azimayi, mukazindikira kuti muli ndi pakati musasiye kumwa poopa kupweteka mwana. Ubongo wa mwanayo ukudalira mankhwala omwewo, ndipo nthawi zambiri mlingo umafunika kukwera. Koma woukweza si inu, si apongozi anu, si wapagolosale. Pitani kuchipatala sabata lomwelo.

Popita ku Mangochi District Hospital kapena chipatala chakwanuko, nyamulani kabuku kanu ndi mapaketi onse amene mukumwa, ngakhale zitsamba zomwe mukubisazo. Mukafotokoze zoona za masiku amene mudadumphitsa ndi amene mudameza awiri. Akakutumizani ku Zomba Central kukayezetsa magazi, musakwinye nkhope chifukwa cha thiransipoti, pitani.