Nkhaniyi yandikumbutsa mng'ono wanga

Zikomo alembi pofotokoza m'nkhani yanu za matenda a tiziwalo ta adrenal tomwe timakhala pamwamba pa impso. Koma pa TB mwangodutsapo, pomwe kuno kwathu ndi imodzi mwa zomwe zimawononga tiziwaloti kwambiri.

Mng'ono wanga, yemwe timakhala naye ku Mufakose mumzinda wa Harare, anamaliza mankhwala a TB koma mphamvu sizinabwerere. Ankawonda, akangodzuka pa mpando chizungulire, ndipo ndinamupezapo kukhitchini akunyambita mchere pachikhatho ngati mwana. Anzathu a ku tchalitchi ankanong'ona za kachilombo, ena za ufiti. Tinayenda ku kiliniki kangapo, ankangotipatsa mavitamini. Dokotala wina ku chipatala cha Parirenyatwa ndi amene anamutsegula pakamwa n'kuona nkhama zakuda bii, mizere ya m'manja nayonso yada. Pa khungu lathu lakudali kudako sikuoneka msanga, n'chifukwa chake muziyang'ana malo amenewo. Atayeza cortisol (homoni yomwe tiziwalo ta adrenal timapanga) m'magazi anati ndi matenda a Addison, omwe amabwera tiziwaloti tikalephera kupanga mahomoni okwanira. Dokotala Thomas Addison anawalongosola ku London mu 1855.

Panopa amamwa hydrocortisone ndi fludrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoniwo, tsiku lililonse, ndipo ndi za moyo wonse. Akatentha thupi amawonjezera mlingo monga anamuuzira adokotala, koma akayamba kusanza timathamangira naye kuchipatala kukabayidwa jakisoni, chifukwa BP imatha kutsikiratu mpaka kukomoka.

Amayi anzanga odzola mafuta oyeretsa khungu, ambiri mwa mafutawo muli clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu ogwira ntchito ngati cortisol. Kudzola nthawi yaitali kumagonetsa tiziwalo tomweti, nkhope imafufuma, shuga amakwera. Ngati mwadzola zaka, musasiye mwadzidzidzi, kaonaneni kaye ndi dokotala.