Eni nyumba, funsani ku khonsolo musanakumbe maziko

Ndikulembera inu amene mwagula puloti kapena nyumba mumzinda, ndipo ndikulemba ngati munthu wamkulu amene watopa n'kuona anthu anzeru zawo akutaya chuma chifukwa cha mawu akuti, "Malowa ndi anga, palibe amene angandiuze zochita." Malowo ndi anudi, ndipo chikalata chake mwachisunga bwino. Koma chikalatacho chimangotsimikiza kuti malowo ndi anu, sichikupatsani ufulu womangapo chilichonse chimene mtima wanu walakalaka. Pafupifupi mzinda uliwonse uli ndi malamulo onena za chimene chingamangidwe pa malo okhala anthu, kukula kwake, kutalika kwake komanso ntchito imene ingachitikirepo, ndipo malamulowo amam'gwira munthu kaya anawawerenga kapena sanawawerenge. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho musandiyese mdani ndikamalankhula mosapsatira.

Khonsolo imagawa mzinda m'zigawo: kwina n'kokhala anthu, kwina n'kwa malonda, kwina n'kwa mafakitale, ndipo kwina sikuloledwa kumangako n'komwe. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lotere la mzinda wonse mu 1916, anthu atadandaula kuti nyumba zitalizitali zikutchinga dzuwa ndi mpweya m'misewu. Patapita zaka zingapo, kampani ina yogulitsa malo inakatsutsa lamulo la tauni ya Euclid ku Ohio, ponena kuti likutsitsa mtengo wa malo ake, koma mu 1926 khoti lalikulu la United States linagamula kuti tauni ili ndi mphamvu yogawa malo motero. Woweruza George Sutherland analemba kuti chinthu chosowetsa anthu mtendere chikhoza kukhala chinthu chabwinobwino chimene changoikidwa pamalo olakwika, monga nkhumba imene ili pabalaza m'malo mokhala m'khola. Mawu amenewa ndi amene ndikufuna awamve bambo amene wasandutsa galaja yake kukhala malo owotcherera zitsulo pakati pa nyumba za anzake. Kuwotcherera ndi ntchito yolemekezeka ndipo imadyetsa ana, koma phokoso la makina odulira zitsulo, moto wothetheka, ndi magalimoto a makasitomala otseka msewu si zinthu zimene mayi wa nyumba yoyandikana nanu anavomera pamene ankagula malo ake. Makhonsolo ambiri amalola kantchito ka pakhomo kopanda phokoso, monga kusoka kapena kuwerengera anthu ndalama, malinga ngati nyumbayo ikukhalabe nyumba yogonamo, palibe chikwangwani chachikulu, ndipo antchito ochokera kunja ndi ochepa kapena palibe. Mukapyola pamenepo ndiye kuti mwasintha ntchito ya malowo, ndipo kusintha koteroko kumafuna chilolezo. N'chimodzimodzinso ndi kugawa nyumba ya banja limodzi kuti mulowetsemo mabanja angapo a lendi, kapena kumanga kanyumba kena kuseri kuti muzilandirapo ndalama pakutha pa mwezi.

Pamene ambiri mumagwera, komanso pamene mumandikwiyitsa kwambiri, ndi pa mpata umene lamulo limafuna kuti usiyidwe pakati pa khoma la nyumba ndi malire a puloti. Mpata wa kutsogolo, wa m'mbali ndi wa kuseri uli ndi muyezo wake, ndipo muyezowo umasiyana mzinda ndi mzinda, ngakhalenso chigawo ndi chigawo mumzinda womwewo. Mwini nyumba amayang'ana kampata kameneka n'kumaona ngati ndi malo ongowonongeka. Mmisiri amaima ndi tepi m'manja, n'kumwetulira n'kunena kuti, "Bwana, apa tingobako pang'ono kuti chipinda chikule, palibe amene adzayeze." Bwana amavomera, chingwe chimasunthidwa, maziko amakumbidwa. Khoma likafika pa lintala ndi pomwe zimaonekera kuti denga lidzadutsa malire, madzi a mvula azidzathira pakhoma la mnzanu, ndipo zenera lanu lidzayang'ana m'chipinda chake chogona. Mmisiri uja adzakhala atalandira zake n'kupita kukamanga kwina, ndipo kalata ya khonsolo idzabwera ndi dzina lanu.

Mpata umenewu sunaikidwe pofuna kukuvutitsani. Mu September 1666 moto unabuka m'nyumba yophikira buledi mu Pudding Lane ku London, ndipo popeza nyumba zambiri zinali za matabwa komanso zothithikana m'timisewu topapatiza, unayaka masiku anayi n'kunyeketsa nyumba zoposa 13,000. Chaka chotsatira, mu 1667, panatuluka lamulo lakuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala, ndipo misewu ina inakulitsidwa. Mpata wa pakati pa nyumba umachedwetsa moto, umapereka njira kwa ozimitsa moto, umalowetsa kuwala ndi mpweya, komanso umakupatsani poimika makwerero pokonza khoma lanu osaponda kwa eni ake. Ndiwonjezerenso kuti mpanda wakale umene mwaupeza pa pulotipo si umboni wa malire. Amene anaumanga akhoza kukhala kuti analakwitsa, kapena anabako dala. Itanani saveya wovomerezeka adzakuonetseni mabikoni musanaike njerwa ngakhale imodzi, pakuti ndalama zimene mungam'lipire n'zochepa poyerekeza ndi zogumulira khoma ndi kulimanganso.

Mpanda nawonso uli ndi malamulo ake. Ku England munthu akhoza kumanga mpanda wofika mamita 2 popanda kupempha chilolezo, koma ngati wayandikana ndi msewu wodutsa magalimoto sayenera kupyola mita imodzi. M'mizinda yambiri ya ku United States mpanda wa kuseri umafika pafupifupi mamita 1.8, pomwe wa kutsogolo umakhala wofupikirapo. Manambala ndi osiyana, koma chifukwa chake n'chimodzi, makamaka kwa inu amene puloti yanu ili pamphambano. Khoma lalitali pakona limatchinga woyendetsa galimoto kuti asaone mwana amene akutuluka pa njinga mumsewu winawo. Ndikudziwa kuti mukuopa akuba, ndipo mantha amenewo ndi omveka, koma simungadziteteze poika ana a anzanu pangozi.

Palinso mbali ina ya puloti imene ndi yanu pa pepala koma ena ali ndi ufulu wodutsapo. Pansi pake pakhoza kukhala mapaipi a madzi, mapaipi a zonyansa kapena mawaya, ndipo pamwamba pake pakhoza kudutsa nthambo za magetsi. Munthu wosasamala amamangapo khitchini kapena kuthirapo konkire yoimikapo galimoto. Tsiku limene paipi idzaphulike, eni ake adzabwera ndi makina awo n'kuswa chilichonse chimene chawatsekera njira, ndipo kawirikawiri sadzakulipirani kanthu, chifukwa ufulu wawowo unalembedwa kale m'chikalata chimene inu munasainira osawerenga. Ku United States anachita kuika nambala ya foni ya 811 kuti munthu aziimba asanakumbe, akatswiri adzaike zizindikiro pamene padutsa mapaipi ndi mawaya. Kumene kulibe nambala yotere, ofesi ya madzi ndi ya magetsi ilipo, ndipo safunsa anadya phula.

Za madzi a mvula ndinenepo mwachidule. Malamulo ambiri amaika malire pa gawo la puloti limene lingaphimbidwe ndi denga kapena simenti, popeza madzi amene sanalowe m'nthaka amathamangira kwa amene ali kumunsi. Kuwaka bwalo lonse, kukwirira ngalande kuti galimoto izilowa bwino, kapena kuboola mpanda kuti madzi azitulukira kwa mnzanu, zonsezi ndi milandu, ndipo n'zimene zimadanitsa mabanja kwa zaka zambiri.

Tsopano ndifike pa chilolezo chomangira, chimene ena mumachitenga ngati msonkho wachabe. Pulani imapita ku khonsolo kuti anthu odziwa aone ngati maziko angasenze nyumbayo, ngati mawaya a magetsi sadzayatsa moto, ndiponso ngati anthu angathe kutuluka msanga pakagwa ngozi. Woyendera amayenera kuona maziko asanakwiriridwe komanso zitsulo zisanathiridwe konkire, chifukwa zikaphimbidwa palibenso amene angadziwe zimene zili m'kati. Kuchotsa khoma la m'kati kuti balaza likule, osadziwa kuti khomalo ndi limene lasenza denga, kapena kusanjika nyumba ina pamwamba pa maziko amene anakumbidwira nyumba ya pansi yokha, ndi kusewera ndi miyoyo ya ana anu omwe. Dziko la Turkey linakhululukira nyumba zambirimbiri zomangidwa popanda chilolezo, ndipo mu 2018 eni ake ankangolipira ndalama n'kulembetsa nyumbazo osazilimbitsa. Pa 6 February 2023 chivomezi chinagwedeza kum'mwera kwa dzikolo n'kupha anthu oposa 50,000 m'dzikomo, ndipo akatswiri ambiri analoza chala kamangidwe kosatsata malamulo. Inu amene mumanyadira kuti munam'patsa kangachepe woyendera kuti atsinzine, dziwani kuti munagula siginecha yokha, koma zitsulo zimene munachepetsa m'nsanamira zikadali zochepa.

Malamulo ena ang'onoang'ono ndingowatchula, popeza munthu woleredwa bwino amawasunga ngakhale asanauzidwe. Mizinda yambiri imaletsa phokoso usiku, kutentha zinyalala pabwalo, kuweta ziweto zambiri kapena zina zosaloledwa pakati pa nyumba, kusiya agalu akuyendayenda, ndi kuunjika magalimoto akufa pakhomo. M'malo ena mtengo waukulu sudulidwa popanda chilolezo ngakhale uli pa puloti yanu, ndipo dziwe losambira limayenera kutchingidwa ndi mpanda wokhala ndi chitseko chodzitseka chokha, chifukwa mwana wamng'ono amamira mwakachetechete m'mphindi zochepa.

Ndimamva kawirikawiri anthu akunena kuti, "Nanga uje anamanga chimodzimodzi bwanji osam'gwira?" Simukudziwa nkhani yake. Mwina anamanga lamulo lisanasinthe, ndipo nyumba zotero nthawi zambiri zimaloledwa kukhalabe mmene zilili koma osazikulitsa. Mwina anapempha chilolezo chapadera n'kupatsidwa. Mwinanso tsiku lake silinafike. Ena mumaganiza kuti mukabisa kwa zaka zingapo nkhani idzazizira. Mlimi wina ku Surrey ku England anamanga chinyumba chonga cha mafumu popanda chilolezo, n'kuchibisa kwa zaka zinayi kuseri kwa milu ya udzu wouma ndi malona, poyembekezera kuti nthawi imene khonsolo imaloledwa kuchitapo kanthu idutsa. Atachotsa udzuwo khonsolo inalamula kuti nyumbayo igwetsedwe, makhoti anagwirizana nayo, ndipo atalimbana kwa zaka zambiri nyumbayo inagumulidwa mu 2016.

Sindikunena kuti makhonsolo ndi angelo. Mapulani amagona m'maofesi kwa miyezi, ndalama zolipira zimalemera kwa munthu wosauka, ndipo malamulo ena ndi achikale kapena okondera. Mbiri ikuchitira umboni kuti kugawa malo kunagwiritsidwapo ntchito posankhana mitundu, monga lamulo la Group Areas Act la 1950 ku South Africa limene linasamutsa anthu ambirimbiri m'nyumba zawo. Koma lamulo loipa limatsutsidwa pa msonkhano wa khonsolo, m'kalata yodandaula kapena kukhoti, anthu a m'dera atagwirizana. Amene amalitsutsa pomanga usiku ndi Loweruka ndi Lamlungu, maofesi atatseka, sasintha lamulo lililonse, amangodzikonzera chindapusa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mlandu wotere kawirikawiri sugwera amene anaupalamula. Chipinda chosaloledwa chikhoza kukhala zaka zambiri popanda wofunsa, kufikira tsiku limene nyumbayo ikugulitsidwa kapena kuperekedwa ngati chikole cha ngongole. Pamenepo banki imayerekeza pulani yovomerezeka ndi nyumba imene yaima, n'kupeza kuti sizikufanana, wogula n'kubwerera kapena kutsitsa mtengo. Moto ukabuka kuchokera m'mawaya amene sanayenderedwe, kampani ya inshulansi ikhoza kukana kulipira. Nthawi imeneyo mwini nkhani mwina adzakhala atatisiya, ndipo amene azidzayendera maofesi ndi mayi wamasiye ndi ana, amene sanafunsidwe n'komwe pamene chingwe chija chinkasunthidwa.

Ngati puloti yanu ndi yopapatiza, yotsetsereka kapena yopindika moti simungathe kusunga muyezo wonse, njira ilipo. Mumalemba kalata yopempha chilolezo chapadera, n'kufotokoza vuto la malowo, ndipo nthawi zambiri oyandikana nanu amadziwitsidwa kuti anenepo maganizo awo. N'chifukwa chake ndi nzeru kuyamba mwawaonetsa pulaniyo nokha, asanaimve kwa a khonsolo. Yankho lililonse limene mwapatsidwa likhale lolembedwa, lokhala ndi chidindo ndi tsiku, chifukwa mawu a pakamwa a kalaliki sadzakuimirani pa mlandu, ndipo mapepalawo muwasunge pamodzi ndi chikalata cha malo. Inu amene munamanga kale popanda chilolezo, makhonsolo ambiri amalola kupempha chilolezo ntchito itachitika, ngakhale kuti mungalipire zambiri kapena kuuzidwa kuti mukonze zina. Ndipo ngati kalata yokuimitsani kumanga yafika kale, musaiponye m'dirowa n'kuuza mmisiri kuti afulumire kufolera. Imitsani ntchitoyo tsiku lomwelo, werengani tsiku lomaliza lochitira apilo limene lalembedwamo, popeza nthawi yake imakhala yaifupi, ndipo pitani ku ofesiyo mutanyamula pulani yanu ndi chikalata cha malo.