Anyamata a m'mashedi, lekani kuyeza biti ndi maso

Ndikulankhula ndi inu ana anga amene mwadzaza m'mashedi okonza njinga zamoto, ngolo ndi zigayo kuno ku Kasungu. Ine manja anga akalambira pa vayisi, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima. Munthu akufuna kudula mazinga oloweramo bawuti m'chitsulo, angotola biti yoboolera imene ili pafupi, kuigundanitsa ndi bawuti, kuyang'ana padzuwa, basi ati "imeneyi ikwana". Anakuuzani ndani kuti diso limaona theka la milimita?

Mwezi watha mwini chigayo china anandibweretsera chitsulo chogwira beringi, nkhope ili gwa. Mnyamata amene anam'patsa ntchito anaboola ndi biti ya 6 kuti adule mazinga a M8. Tapu, chida chodulira mazinga m'bowo, italimba, m'malo moima n'kudzifunsa, anavekera paipi pa chogwirira kuti awonjezere mphamvu. Thyo! Theka la tapu linatsalira m'bowo. Tapu ndi youma kuposa biti wamba, simungaiboole. Tinatha tsiku lathunthu tikuiswa pang'onopang'ono ndi panchi, uku amayi akubwerera kuchigayo ndi chimanga pamutu. Mnyamatayo anali ndi pakamwa, akulu analipo pafupi. Safunsa anadya phula.

Komatu masamu ake ndi a sitandade 5. Pa tapu iliyonse palembedwa manambala awiri, monga M8 x 1.25. Yoyambayo ndi kunenepa kwa bawuti, yachiwiriyo ndi mpata wa pakati pa mazinga awiri oyandikana. Chotsani yachiwiri pa yoyamba, mwapeza biti. 8 kuchotsa 1.25 kutsala 6.75, ndiye mumatenga biti ya 6.8. M6 x 1 ifuna biti ya 5, M10 x 1.5 ifuna 8.5, M12 x 1.75 ifuna 10.2. Ndikudziwa kuti 6.8 ndi 10.2 sizipezeka m'mapaketi ambiri a pamsika. Zikasowa, pa chitsulo cholimba kwerani pang'ono, 7 kapena 10.5. Musatsike.

Ena mumati bowo likachepa mazinga amazama, ndiye ntchito imalimba. Ayi ndithu. Masamu ndanenawa amasiya mazinga ozama pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo amenewo ndi okwanira. Kukakamira kuti azame mpaka pansi kumawonjezera mphamvu yochepa kwambiri, koma tapu ndiye imavutika koopsa mpaka kuthyoka.

Amene amandiopsa kwambiri si othyola tapu, chifukwa cholakwa chawo chimaoneka pomwepo. Ndi awa oboola bowo lalikulu dala kuti tapu ilowe mosavuta, ntchito ithe msanga. Biti ya 7.5 pa M8, tapu ikungoyenda ngati m'phala. Bawuti ilowa bwinobwino, kasitomala alipira, anyamuka akumwetulira. Koma m'katimo muli timizere chabe, osati mazinga. Ngati bawutiyo ikugwira buleki ya njinga ya kabaza, idzazuka pa mabampu kwinakwake ku Santhe kapena ku Nkhamenya, kumbuyo kuli mayi ndi mwana kumsana. Inu mudzakhala mutadya kale ndalamayo. Mudzamva kuti kwachitika ngozi, osadziwa n'komwe kuti dzanja lanu lilimo. Zimenezi ndiye sindingazikhalire chete.

Kuya kwa bowo nakonso musakunyozere. Mazinga atatu sagwira katundu. M'chitsulo, bawuti ilowe mosachepera kunenepa kwake: ya M10 ilowe mamilimita 10 kapena kuposa. Mu aluminiyamu, monga m'mainjini a njinga zamoto, ilowe kawiri kunenepa kwake chifukwa ndi yofewa: M8 ifuna mamilimita 16. Bowo likakhala losatulukira kuseri, boolani mopitirira pang'ono kuti tizidutswa tipeze pokhala, ndipo muzitulutsa tapu n'kuyeretsa.

Matapu a pamanja amabwera atatu pa chifukwa. Yosongoka ija ndiyo imatsegula njira, yachiwiri imatsatira, yodukiza kumapeto ndi yomalizira pansi pa bowo. Kuyamba ndi yomalizira chifukwa zinazo munataya ndi kuputa dala mavuto. Imikani tapu chilili, muione mbali ziwiri isanazame. Zunguzani theka kutsogolo, bwererani pang'ono kuti kachidutswa kaduke, kenako pitirizani. Dontheza oyilo pa chitsulo, parafini pa aluminiyamu. Chitsulo cha kasiti chimadulidwa chouma.

Ndipo musamaganize kuti M10 iliyonse ndi imodzi. Pa njinga zamoto mudzakumana ndi M10 x 1.25, ya mazinga othithikana, imene biti yake ndi 8.8. Pa mathirakitala akale a Massey Ferguson a m'maesiteti a fodya muli mabawuti a mainchi. Mukaona bawuti yalowa kawiri katatu n'kuyamba kukana, si sipanala yaikulu imene ikufunika. Itulutseni, igundanitseni ndi tapu yanu, muone ngati mano akulumana.

Inu eni mashedi, mlandu wina ndi wanu. Mwana mwam'patsa dirilo musanam'phunzitse kuwerenga zolembedwa pa tapu. Tengani choko lero, mulembe manambala amenewa pakhoma pamwamba pa vayisi, ndipo biti ya 6.8 muigule, muziisunga m'kabokosi kamodzi ndi tapu yake.